Mwana akamayandikira zaka 22, chitanipo kanthu pa inshuwalansi ya mano ndi maso

Ndimagwira ntchito m'boma la federo la America kuno ku Maryland. Mwana wanga woyamba, wamkazi, adakwanitsa zaka 22 mu Malichi chaka chatha. Mu Meyi adapita kukatsukitsa mano monga amachitira nthawi zonse, ndiye atafika pa kauntala adamuuza kuti dzina lake silikupezekanso pa inshuwalansi yanga. Adandiimbira foni ali panja, mawu akunjenjemera: "Amayi, akuti ndilipire ndekha." Mtima udandiwawa, chifukwa ine ndinkadziwa kuti mwana amakhala pa inshuwalansi ya kholo mpaka zaka 26.

Zaka 26 zimenezo n'zoona, koma ndi za inshuwalansi ya kuchipatala ya ogwira ntchito m'boma la federo, yotchedwa FEHB. Lamulo la Affordable Care Act la 2010 ndi lomwe lidakweza zakazo. Ya mano ndi maso, yotchedwa FEDVIP, ili ndi lamulo lakelake la 2004, ndipo pamenepo malire adatsalira pa 22. Mwanayo akhalenso wosakwatira kapena wosakwatiwa. Kukhala ku koleji sikuwonjezera ngakhale tsiku limodzi. Amene amapitirira ndi mwana yekhayo amene sangathe kudzisamalira chifukwa cha ulumali womwe udayamba asanafike zaka 22, ndipo pamafunika kalata ya dokotala. Anzathu a mabanja a asilikali, a TRICARE, malire awo ndi ena: 21, kapena 23 ngati mwana ali pasukulu nthawi zonse.

Chomwe chimapweteka kwambiri n'chakuti FEDVIP ilibe masiku a chisomo. Ku FEHB mwana akatuluka amapatsidwa masiku 31 owonjezera, ndipo angathe kupitiriza podzilipirira yekha kwa miyezi 36. Ku FEDVIP kulibe zimenezo. Yatha, yatha.

Ndiye makolo anzanga, yambani mwana akangokwanitsa 21. Mupite naye kwa dokotala wa mano, amujambule mano onse, ndipo mufunse mosabisa: "Kodi pali chilichonse chimene chidzafunike m'zaka ziwiri zikubwerazi?" Mano akumapeto aja, omwe azungu amati wisdom teeth, amavuta pa msinkhu womwewu, ndipo kuwachotsa popanda inshuwalansi ndi ndalama zambiri. Dzino lofunika kumata limatidwe pano. Mapulani ambiri ali ndi malire a ndalama zomwe amalipira pa chaka, choncho ngati ntchito ndi yaikulu, igaweni pawiri: ina Disembala asanathe, ina mu Januwale malire atayambiranso. Mwana wobadwa kumayambiriro kwa chaka, ngati wanga, nthawi yake ndi yochepa kwambiri, musazengereze. Mukaona kuti pulani yanu ndi yaing'ono, nyengo ya Open Season, kuyambira pakati pa Novembala mpaka chapakati pa Disembala, ndi pomwe mungasinthe n'kutenga yapamwamba. Musanasinthe, werengani kabuku ka pulaniyo kuti muone ngati pali nthawi yodikira.

Za maso n'zosavuta. Akayezetse maso ndi kutenga magalasi atsopano tsiku lobadwa lisanafike, ndipo asachoke popanda pepala la muyeso wa maso ake. Ndi pepala limenelo angathe kudzagula magalasi ena pamtengo wotsika kulikonse.

Tsiku likafika, lowani nokha pa BENEFEDS, webusaiti yomwe timalembetserapo FEDVIP. Musaganize kuti ndalama zodulidwa ku malipiro zitsika zokha. Ku FEDVIP boma siliponyapo kalikonse, ndalama yonse imachoka m'thumba mwanu. Ngati munali pa Self and Family, ya banja lonse, ndipo tsopano mwatsala awiri, tsikirani ku Self Plus One. Ngati mwatsala nokha, Self Only. Kutuluka kwa mwana kumakulolani kusintha osadikira Open Season, koma chitani masiku 60 asanathe kuchokera tsiku lomwe watuluka. Ine sindidasinthe chifukwa ndidakali ndi bambo a kunyumba ndi mwana wina pa pulaniyo.

Nanga mwanayo apite kuti? Choyamba tsegulani kabuku ka FEHB yanu. Mapulani ena amalipirako pang'ono kutsuka mano kapena kuyeza maso, ndipo pamenepo mwana adakalipo mpaka 26. Ngati wayamba ntchito, afunse kuntchito kwake. Kutaya inshuwalansi ina nthawi zambiri kumamulola kulowa pakati pa chaka, koma masiku ake amakhala ochepa. Ngati akuphunzira, afunse ku koleji. Mapulani ogula pawekha aliponso, kungoti ambiri amadikiritsa miyezi ingapo asanalipire ntchito zikuluzikulu. Kwa ife a kuno, sukulu zophunzitsa madokotala a mano, monga ya Howard University ku Washington ndi ya University of Maryland ku Baltimore, zimathandiza anthu pamtengo wotsika. Ophunzira amagwira ntchito aphunzitsi awo akuyang'anira. Zimatenga nthawi, koma kwa wachinyamata wosagwira ntchito ndi chithandizo chenicheni.

Chomwe chidatipulumutsa ife ndi FSAFEDS, akaunti ya ogwira ntchito m'boma la federo yosungiramo ndalama zolipirira zaumoyo. Ndalama zomwe mumasunga mmenemo musanadulidwe msonkho mungathe kulipirira mano ndi magalasi a mwana mpaka kumapeto kwa chaka chomwe wakwanitsa 26, ngakhale atatuluka kale ku FEDVIP. Lisiti la mwana wanga la mu Meyi ndidalitumiza kumeneko ndipo adandibwezera. Kumbukirani kuti FSAFEDS imafuna kulembetsanso chaka chilichonse pa Open Season, siipitirira yokha.

Mng'ono wake akwanitsa 21 mu Ogasiti. Tapangana kale ndi dokotala wa mano tsiku lomujambula, sabata yotsatira tsiku lake lobadwa.