Kukwera phiri la Dedza mpaka pa nsonga yeniyeni n'kubwerako tsiku lomwelo

Anthu ambiri amene amati anakwerapo phiri la Dedza amakhala kuti anakafika pa nsanja za mafoni ndi wailesi zija, anajambulitsa, anadya zimene ananyamula, basi n'kutsika. Palibe vuto, pamenepo ndi pamwamba ndithu ndipo maso amaona patali. Koma nsonga yeniyeni, ya mamita 2,198 ija, ili patsogolo pake, muyenera kupitirira nsanjazo n'kutsata msana wa phiri pa kanjira kamene sikapondedwa kawirikawiri, ndipo chigawo chimenechi ndi chimene chimafuna kukonzekera. Ulendo wonse ndi wa tsiku limodzi, simufuna tenti kapena chingwe, koma zonse zimadalira nthawi imene mwanyamukira ndi nthawi imene mwatembenukira.

Tauni ya Dedza payokha ili kale pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, n'chifukwa chake kumazizira chonchija. Ndiye kuti kuchokera pa boma kukafika pa nsonga mukukwera mamita ngati 600 basi, zimene munthu wamba amene amayendako wapansi angakwanitse bwinobwino. Kuchokera ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1. Mukhoza kudzuka mbandakucha n'kukwera minibasi kudepoti, koma inu mukudziwa mmene minibasi imachitira, sinyamuka isanadzaze ndipo imaima paliponse, mutha kufika pa Dedza 9 koloko dzuwa litakwera kale. Ine ndimakonda kulangiza kuti ngati thumba likulola pitani dzulo lake mukagone konko, malo ogona alipo a mitengo yosiyanasiyana, kuti 6 koloko kapena hafu 6 m'mawa mukhale mwayamba kuyenda.

Za miyezi. Nthawi yabwino kwambiri ndi mvula ikangotha, kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka cha mu Juni, chifukwa kumwamba kumakhala koyera, phiri lobiriwira, ndipo mukhoza kuona kutali. Juni ndi Julayi kumazizira koopsa komanso nkhungu imabwera pafupipafupi, nthawi zina ndi kamvula kowaza ka chiperoni kaja. Seputembala ndi Okutobala njira imakhala youma ndi yosavuta koma utsi wa tchire limene anthu amatentha umaphimba paliponse, mufika pamwamba n'kungoona mbuu, kuwonjezera apo moto wolusa umathamanga kwambiri pa udzu wouma wa m'phiri. M'dzinja, Disembala mpaka Malichi, n'zotheka kukwera koma mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, ndipo pamsana pa phiri pafupi ndi nsanja zachitsulo si malo oti mphenzi ikupezeni. Mukaona kung'anima muwerenge masekondi mpaka mumve kugunda, masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi, ndiye ngati sanakwane 30 tsikani msanga, osadikira kuti madontho ayambe.

Phirili lili mu nkhalango yotetezedwa ndi boma, choncho musanakwere ndi bwino kudutsa ku ofesi ya zankhalango pa boma pomwepo, muwauze kuti mukufuna kukafika pa nsonga, mufunse ngati pali zolipira ndiponso mmene njira ilili masiku amenewo. Izi musazione ngati zongotaya nthawi. Mitengo ya paini ya m'phirimu imadulidwa, ocheka matabwa amatsegula tinjira tatsopano, malo amene chaka chatha panali mthunzi lero pakhoza kukhala zitsa zokhazokha, ndiye malangizo a mnzanu amene anapitako kalekale akuti "mukafika pa mitengo yaitali mukhotere kumanja" sangakuthandizeni. Pomwepo funsaninso munthu wokuperekezani. Ngati ndi ulendo wanu woyamba ndipo mukufuna kupitirira nsanja, tengani munthu wa konko amene amalidziwa phirilo. Mugwirizane mtengo musananyamuke, munene momveka kuti mukufuna nsonga yeniyeni osati pa nsanja, chifukwa ambiri anazolowera kuti alendo amathera pamenepo, ndipo chakudya ndi madzi munyamule zoti naye adyeko.

Musapite nokha. Atatu ndiye nambala yabwino, wina akabinya mwendo mmodzi amatsala naye wina n'kupita kukaitana anthu. Gulu likakula kwambiri liwiro limakhala la munthu wochedwetsetsa, ndiye muwonjezere nthawi. Kunyumba musiye uthenga kwa munthu mmodzi wodalirika, mumuuze phiri lake, amene muli nawo, ndi ola limene ayambe kuda nkhawa ngati simunaimbe.

Zonyamula sizambiri koma chilichonse chili ndi ntchito yake. Madzi malita 2 munthu aliyense, nyengo yotentha 3. Timitsinje tilipo m'phirimo koma musadalire, ena amauma, ndipo ngati mungamwe a mumtsinje thiranimo kaye mankhwala a kolorini n'kudikira mphindi 30. Paketi ya Thanzi ORS imathandiza kwambiri munthu akayamba kumva kukokana kwa minofu. Chakudya chikhale chosavuta kudya muli chiimire: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, zitumbuwa kapena chikondamoyo, ndipo kachewere wa ku Dedza wowiritsa ndi kamchere amagwira m'mimba bwino. Idyani pang'onopang'ono m'njira monse osati kudikira kuti mukadyere pamwamba. Mowa usiyeni kumunsi, mukamwa mwatsika.

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Sikuti mpaka mugule zodula za m'mashopu, pa kaunjika zimapezeka zabwino, chofunika n'choti kunsi kwake kukhale ndi mano ogwira, ikhale yoti munaivalapo kale kangapo ndipo zala zisamagunde kutsogolo, chifukwa potsika phazi limatsetserekera kutsogolo ndipo zikhadabo zimada n'kuzuka. Wengani zikhadabo dzulo lake. Masilipasi, nsapato za kuofesi ndi zofewa zija za fashoni ayi. Masamba a paini akauma n'kuunjikana pansi amaterera ngati therere, ngakhale kulibe mvula, ndiye kandodo kolimba kamathandiza makamaka pobwera.

Pa zovala anthu ambiri amapusitsika ndi dzuwa la kumunsi. Mukamakwera mumatuluka thukuta, tisheti imanyowa, mukafika pamsana pa phiri mphepo imakuombani muli chinyowere ndipo m'mphindi zochepa mwayamba kunjenjemera. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye pa nsonga pamakhala pozizira ndi madigiri ngati 4 kuposa pa boma, musanawerengere mphepoyo. Nyamulani tisheti ina youma mu jumbo, juzi, jekete yotchinga mphepo ndi mvula, ndi chipewa. Chitenje musachisiye, chimagwira ntchito yofunda, yokhalira, ngakhale yomangira mwendo wobinya. Valani thalauza lalitali chifukwa kupitirira nsanja udzu ndi zitsamba zimakala miyendo. Mnzanu akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mosokonekera kapena kupunthwa pafupipafupi, kumeneko si kutopa wamba, thupi lazizidwa, muvuleni zonyowa, mumuveke zouma, mumupatse chakudya chotsekemera ndipo muyambe kutsika.

Tochi nyamulani ngakhale mukuganiza kuti mubwera masana, osadalira ya pafoni yokha. Foni ichajidwe yodzaza, pawabanki m'chikwama. Dawunilodani mapu a deralo muli kunyumba kuti azigwira popanda bando, ndipo ngati muli ndi apu yolemba njira imene mwayenda itseguleni poyambira, pobwera muzingotsata mzere wanu womwewo. Kumbukiraninso kuti Dedza ili m'malire, foni nthawi zina imadumphira pa netiweki ya ku Mozambique osadziwa inu, ndiye lowani mu masetingi musankhe Airtel kapena TNM pamanja kuti mayunitsi asathere ku roaming.

Tsopano kuyenda kwake. Kukafika pa nsanja pali msewu wafumbi umene magalimoto okonza nsanjazo amagwiritsa ntchito, umakhotakhota koma susocheretsa, ndipo pali tinjira tachidule todula makona ake. Ngati mulibe wokuperekezani tsatani msewu basi. Tinjira tachidule tambiri ndi ta otola nkhuni ndi ocheka matabwa, timayamba bwinobwino kenako n'kukathera pa chitsa. Munthu wamba apatule maola 2 mpaka 3 kuti afike pa nsanja. Yambani pang'onopang'ono, liwiro loti mukhoza kumacheza osabanika, mphindi 20 zoyambirira ndi zimene zimawawa kwambiri kenako thupi limazolowera. Kupuma kukhale kwa mphindi zochepa, mukakhalitsa pansi miyendo imauma.

M'njira mukumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni akutsika. Apatukireni ndinu, iwo ali ndi katundu wolemera pamutu ndipo sangaime pamalo otsetsereka. Perekani moni, "mwadzuka bwanji amayi", "zikomo bambo, tidutse nawo", ndipo musajambule munthu musanapemphe. Anthu amenewa ndi amene amalidziwa phiri kuposa mapu aliwonse, mukafunsa mwaulemu amakulozerani njira, komanso zikavuta ndi omwewo amene adzakumbukire kuti anakuonani mukulowera kuti.

Mukafika pa nsanja imani kaye muone zinthu zitatu: wotchi, kumwamba, ndi nkhope za anzanu. Apa ndi pamene pamafunika kunena zoona. Ngati yadutsa 11 koloko, kapena nkhungu yayamba kukwera kuchokera m'zigwa, kapena pali wina amene watheratu, lekezani pomwepo, phiri silithawa. Ngati zonse zili bwino valani juzi, imwani madzi, ndipo mugwirizane ola lotembenukira. Ine ndimati 1 koloko masana, kaya mwafika kaya nsonga mukuiona apo pafupi, mubwerere. Chifukwa chake n'choti miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane hafu 5 kapena cha pomwepo, ndipo kuno kwathu likangolowa mdima suchedwa, mu nkhalango ya paini ndiye kumada msanga kuposa poyera.

Kuchoka pa nsanja njira imasintha. Imakhala yopapatiza, malo ena imabisika mu udzu, malo ena imadutsa pa miyala pamene sipaoneka mapazi a munthu, ndipo pali timitunda timene mukatiyang'ana mumaganiza kuti ndi pomaliza koma mukakwera mumaona kena patsogolo. Lamulo lake ndi kukhala pamsana pa phiri. Kanjira kalikonse kamene kayamba kutsika kwambiri kumanja kapena kumanzere kakupititsani kumidzi ina, osati ku nsonga. Muzicheuka pafupipafupi kuti muone mmene njira ikuonekera kwa munthu wobwerera, chifukwa mwala umene mwaudutsa umaoneka mwina mukamauchokera mbali inayo. Yendani moonana, wotsogola asasowe m'maso mwa womaliza. Pokwera miyala onani kaye pamene mukuika dzanja, njoka zimakonda kuothera dzuwa pamenepo, ndipo mphiri sithawa ikamva mapazi, imangokhala phee panjira. Wina akalumidwa musacheke balalo, musayamwe, musamange chingwe chothina, chotsani mphete ndi zothina, asayendeyende, mumunyamule ndipo muimbire thandizo kuti akafike ku chipatala cha boma cha Dedza mwachangu. M'timagawo ta nkhalango yachilengedwe timene tatsala pamwambapa samalani linthumbu, mukaona mzere wake dumphani osaima. Anyani mukawaona musawapatse chakudya.

Nkhungu ikakupezani pamsana pa phiri musayambe kuthamanga kufunafuna njira. Imani, valani zonse zofunda, khalani pamodzi, nthawi zambiri imang'ambika pakapita kanthawi. Ikakana, bwererani pang'onopang'ono potsata mzere wa pafoni uja mpaka pa nsanja, kuchokera pamenepo msewu ukufikitsani kumunsi ngakhale mukuona mamita ochepa okha kutsogolo. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsata mtsinje poganiza kuti ukufikitsani kumudzi, m'phiri madzi amadutsa pa maphompho pamene munthu sangadutse.

Pa nsonga, likakhala tsiku loyera, kum'mawa mumaona dziko likutsetserekera kuchigwa mpaka nyanja kutali uko, mbali ina minda ndi mapiri a ku Angonia ku Mozambique, ndipo chakumpoto kuli phiri la Chongoni, dera lija la zojambula zakale za pamiyala limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006, muli malo 127 ojambulidwa. Khalani mphindi 20 kapena 30, idyani, jambulani. Moto musayatse, ndudu musataye, ndipo musalembe maina anu pamiyala ndi penti, chonde, zimaipitsa malo amene ena akubwera kudzaona. Majumbo, mabotolo, mapepala a bisiketi zonse zibwerere m'chikwama. Mukafuna kudzithandiza pitani kutali ndi mtsinje n'kukwirira, madzi amenewo kumunsi anthu amamwa.

Kutsika ndi kumene anthu ambiri amavulalira, miyendo yatopa, mtima uli kale kunyumba. Mangani zingwe za nsapato mothinitsa musanayambe, pondani timasitepe tating'ono mawondo atapindika pang'ono, pamalo otsetsereka kwambiri tsikani cham'mbali, ndipo achinyamata aja okonda kuthamanga potsika muwaletse. Bwererani njira imene munadzera, tsiku loyamba si loyesera njira yatsopano. Ulendo wonse, kukwera, kupuma ndi kutsika, muuwerengere maola 6 mpaka 7, ndiye amene ananyamuka hafu 6 amakhala ali pa boma cha m'ma 1 koloko. Mukafika dziwitsani a zankhalango kuti mwatsika, mulipireni wokuperekezani zimene munagwirizana, muimbireni wa kunyumba uja, ndipo ngati mukubwerera ku Lilongwe kapena ku Ntcheu tsiku lomwelo pitani pa siteji kusanade, chifukwa madzulo magalimoto amachepa ndipo mitengo imakwera.