Mmene ndinasinthira babu ya mabuleki pa motorhome yathu

Nyali ya mabuleki ya kumanzere inasiya kuyaka, ndipo kuno ku UK galimoto yotere singapase MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Fyuzi inali bwinobwino, choncho vuto linali kumbuyo komweko.

Motorhome yathu, galimoto yokhala ndi nyumba yogonamo kumbuyo, inamangidwa pa vani ya Fiat Ducato, koma nyali zakumbuyo anaika ndi amene anamanga nyumba yakeyo, ndiye buku la Ducato silithandiza pamenepa. Mkati mulibenso polowera dzanja, galasi lapulasitiki la nyaliyo limachoka chakunja.

Ndinamasula masikuluwu onse, koma galasi osagwedezeka n'komwe. Chinaligwira ndi labala wotchinga madzi amene anali atamatirira chifukwa cha dzuwa ndi fumbi. Apa musayerekeze kutokosa ndi sikuludiraiva, pulasitiki yokalamba imasweka msanga. Ine ndinathira madzi ofunda a sopo m'mphepete monse, kenako n'kulowetsa kapulasitiki kopyapyala, n'kumayenda nako pang'onopang'ono kuzungulira mpaka galasi linasomphoka.

Babu yake ndi P21/5W ya 12V, yokhala ndi timawaya tiwiri mkati: ka 21W ka mabuleki ndi ka 5W kounikira usiku. Mumaikankha pang'ono, kuipotoza chakumanzere, yatuluka. Timapini take tiwiri sitili pamlingo umodzi, motero yatsopano imalowa mbali imodzi yokha. Ikamakana, itembenuzeni, osaikakamiza.

Pokhalira babu panali dzimbiri lobiriwira, ndinalipala ndi sandipepa. Ndisanatseke, mayi akunyumba anaponda mabuleki ine ndikuyang'ana, nyali inayaka. Masikuluwu ndinamanga ndi dzanja mosalimbitsa kwambiri, kuopa kung'alula galasi.