Kuphunzira penti ya mafuta potengera chithunzi cha Juan de Pareja

Wofuna kudziwa kujambula khungu lakuda ndi penti ya mafuta ayambe ndi chithunzi cha Juan de Pareja, chomwe Diego Velázquez, katswiri wojambula wa ku Spain, adajambula ku Rome mu 1650; Pareja anali womuthandiza pa ntchito yake. Chili ku Metropolitan Museum ku New York, ndipo chimapezeka kwaulere pa intaneti. Chisindikizeni papepala la A3, chifukwa kuwala kwa foni kumasintha mitundu.

Dulitsani hadibodi ya masentimita 41 ndi 35, muipake gesso (penti yoyera yokonzera thabwa musanajambulepo) katatu, mukupalapala ndi sandipepa ikauma. Mukapanda kutero thabwa limamwa mafuta, penti n'kuoneka yofwifwa. Mitundu isanu ikukwanira: titanium white, yellow ochre, Venetian red, burnt umber (wabulauni) ndi ivory black.

Sungunulani umber pang'ono ndi turpentine (mankhwala amadzimadzi osungunulira penti ya mafuta), mupake thabwa lonse mopyapyala, liume. Lembani mabokosi ofanana papepala ndi pathabwa, kenako samutsani mutu ndi mapewa ndi makala, bokosi ndi bokosi.

Musathamangire maso ndi milomo. Tsinzinani pang'ono kuti muone pamene pali mdima ndi pamene pawala, mupake mdimawo ndi umber yekha. Apa ndiye pagona luso lonse. Ambiri amalakwitsa pothira black m'mithunzi ya nkhope ndi white pamphumi, ndipo munthu amatuluka wotuwa ngati wadzola phulusa. Khungu lipangeni ndi umber, red ndi ochre. White muisunge kufikira kumapeto, ya pamphumi, pamphuno ndi kolala yoyera ija, yomwe Velázquez sadataye nthawi kuwerenga ulusi wake.

Penti yoyamba ikhale yopyapyala, ndipo nthawi iliyonse mukamapaka pamwamba onjezerani dontho la mafuta a linseed. Mukasemphanitsa, yapamwamba imauma msanga yapansi idakali yofewa, chithunzi n'kung'aluka. Umber amauma pa tsiku limodzi kapena awiri, koma black ndi white zimachedwa. Khudzani m'mphepete ndi chala musanapitirize.

Kuno ku Mangochi adani ndi fumbi ndi tizilombo touluka ta kunyanja tomwe timatsata getsi madzulo. Jambulani m'mawa pafupi ndi windo lotsegula, mukamaliza tsamiritsani thabwa kukhoma, nkhope itayang'ana khomalo. Musaumitse padzuwa. Nsanza zonyowa ndi linseed zimatha kuyaka zokha zikaunjikana, choncho ziyanikeni panja chotambasula.

Kuseri kwa thabwa lembani kuti mwatengera kwa Velázquez. Vanishi adikire miyezi 6.