Ese ya Literature: mmene mungailembere osangobwereza nkhani

Ambiri asayimenti ya Literature amaiphonya pa chinthu chimodzi, amangofotokozanso nkhani yonse kuyambira peji 1 mpaka kumapeto ngati kuti lekichala sanaliwerengepo bukulo, chonsecho mwiniwakeyo akuliphunzitsa chaka ndi chaka. Iye akufuna maganizo anuanu ndi umboni wake, basi.

Tiyerekeze mwapatsidwa Things Fall Apart la Chinua Achebe, lija linatuluka mu 1958, funso nkumati kambiranani chomwe chinagwetsa Okonkwo. Musanakhudze kompyuta yankhani funsolo ndi chiganizo chimodzi chokha, ndiye thesis statement imeneyo. Kunena kuti Okonkwo anali munthu wamphamvu kwawo ku Umuofia si thesis ayi, ndani angatsutse zimenezo? Koma mukati chinamugwetsa Okonkwo ndi mantha oopa kufanana ndi bambo ake Unoka kuposa kubwera kwa azungu, apo ndiye mwayamba, chifukwa wina atha kukutsutsani ndipo inu muli ndi ntchito yomugonjetsa.

Kenako bwererani m'buku ndi pensulo, musankhe malo atatu kapena anayi okha. Chaputala 4 akumenya mkazi wake Ojiugo m'sabata ya mtendere. Chaputala 7 ndiye golide weniweni: Ikemefuna, mnyamata wa mudzi wina amene anapatsidwa Okonkwo kuti azimusunga, wakhala pakhomo pake zaka 3, amamutchula kuti bambo, mkulu Ezeudu wabwera kudzamuchenjeza kuti asatengeko mbali pomupha, koma mwana uja atathamangira kwa iye kuti amupulumutse, Okonkwo yemweyo akusolola chikwanje nkumutema poopa kuti anzake amuona ngati wofooka. Apa musathamange. Funsani kuti nchifukwa chani Achebe waika chenjezo patsogolo, nanga bwanji chifukwa chophera mwanayo wangochitchula mwachidule m'chiganizo chimodzi, nanga Nwoye, mwana wa Okonkwo, zikumusintha bwanji poti kutsogoloku akukalowa mpingo wa amishonale. Malikisi amakhala pamenepa, pofotokoza mmene wolemba waikonzera nkhani osati kungonena zomwe zinachitika.

Ndime iliyonse ikhale ndi mfundo imodzi. Yambani ndi mfundoyo, ikani mawu ochepa ochokera m'buku, kenako afotokozeni m'mawu anu ndipo kufotokoza kwanuko kutalike kuposa mawu mwatengawo. Ena amaika kotesheni ya mizere 8 kuti mapeji adzadze msanga, zimaoneka ndithu. Komanso mpatseni mpata wotsutsa uja, ndime imodzi yovomereza kuti amishonale ndi boma la atsamunda anagawadi mudzi, kenako muonetse kuti mng'alu mwa Okonkwo unayamba iwo asanafike, paja ku Mbanta, kwawo kwa mayi ake, anathawira zaka 7 mfuti yake itaphulika nkupha mwana pa maliro a Ezeudu. Chinanso, m'Chingerezi zochitika za m'buku zimalembedwa mu present tense ngati zikuchitika pompano, osamasakaniza.

Mawu oyamba alembeni pomaliza, mukadziwa zomwe mwanenadi.

Za masaitesheni onani pa course outline kaye. Literature kawirikawiri amafuna kalembedwe ka masaitesheni kotchedwa MLA, edishoni ya 9 inatuluka mu 2021: dzina la wolemba ndi nambala ya peji m'mabulaketi popanda chizindikiro cha koma (,) pakati, kumapeto peji ya Works Cited, mndandanda wa mabuku omwe mwagwiritsa ntchito, motsata alifabeti, zilembo saizi 12, mizere yotalikirana pawiri. Ena amafuna APA kapena Harvard ndiye osangotengera za mnzanu wa dipatimenti ina. Za SparkNotes, webusaiti ya chidule cha mabuku, kapena ChatGPT mukakopa nkusintha mawu awiri atatu musadabwe Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera, ikafiira, ndipo ngakhale isafiire lekichala akangokufunsani kuti chiganizo ichi mumatanthauzanji mudzangoti kukamwa yasa.

Mukamaliza iwerengeni mokweza, pomwe mpweya wakutherani dulani chiganizocho pawiri. Fayilo muipatse dzina lokhala ndi nambala yanu ya regi ndi kodi ya kosi, ndipo tumizani kudakali tsiku lathunthu dedilaini isanakwane, magetsi ndi netiweki sizidalilika usiku womaliza.