Kayambidwe ka TerraFirmaCraft kuti musafe tsiku loyamba

Amene munazolowera Minecraft yomenya mtengo ndi chibakera nkupeza matabwa, iwalani zimenezo, mu TerraFirmaCraft mtengo sugwa ndi manja. Komanso TerraFirmaCraft ndi modi (chowonjezera chosintha kaseweredwe ka Minecraft) ya Java Edition, Minecraft ya pa kompyuta, imafuna Forge kapena NeoForge (mapulogalamu oyendetsera ma modi) ndipo mumaitenga pa webusaiti ya CurseForge, ndiye a pafoni musaononge bandulo yanu.

Mukangolowa yang'anani pansi, tolani timiyala ndi timitengo. Mukakhala ndi miyala iwiri yofanana mumasema umodzi mpaka utuluke mutu wa nkhwangwa kapena mpeni, mukasema molakwika mwalawo wapita basi. Mpeni ndi womwetera udzu. Moto ndi wopekesa, pangani chopekesera ndi timitengo tiwiri, ponyani chipika chimodzi ndi timitengo titatu pansi nkumapekesa mpaka uyake, nthawi zina umakana kangapo musakwiye.

Ludzu liliponso. Madzi a m'nyanja yamchere samweka ndiye mangani pafupi ndi mtsinje. Ife akuno ku Nsanje mtima umagunda tikamva zomanga m'mbali mwa madzi, koma mtsinje wa mugemu si Shire, susefukira.

Pomwe ndimaikondera ine ndi pa dongo. Zibuma zisanu mumaumba kambiya kapena chikombole, kenako kumbani dzenje la buloko imodzi, ikanimo zoumbazo, udzu 8 pamwamba, zipika 8, yatsani nkudikira. Tsiku loyamba ndinaseka ndekha chifukwa ndi momwe agogo ankaotchera miphika ku Ngabu, ine ndili mwana ndinkangoona ngati ntchito yotopetsa, pano ndikuchezera nazo usiku thukuta lili kamukamu. Dzenje lomwelo ndi losungunuliranso kopa. Timiyala ta kopa tomwe mumatola pansi tilowe mkambiya, takwana 10 ndiye chida chimodzi, tsanulirani mchikombole zisanazizire. Yambani ndi piki. Ndipo pomwe mwatola timiyalato ikanipo chizindikiro, mgodi wake uli pansi pomwepo.

Chakudya chimaola, musaphe nyama zambiri kamodzi ngati mulibe mchere, ganizani mlamba wauwisi pa msika wa Bangula mu Okutobala. Mukayamba kukumba pansi denga limagumuka, pamafunika mizati yochirikiza ndipo mizatiyo imafuna sowo, ndiye kopa wachiwiri apite ku sowo. Ine ndinapanga makani nkulowa mgodi wopanda mizati, piki yanga yoyamba ikadali komweko pansi pa miyala.