Mukufuna ntchito ku bungwe lomenyera ufulu wa anthu? Umu ndi momwe mungakonzekerere, ngakhale simunaphunzire zamalamulo

Achinyamata ambiri akamaliza sukulu amangoganiza kuti ku ma NGO a zaufuluwa kumalowa maloya okhaokha, ndiye munthu ali ndi dipuloma yake ya uphunzitsi kapena ya zowerengera ndalama amangoona malonda a ntchito mu The Nation kapena The Daily Times nkutembenuza tsamba, akuti izi si zanga. Abale, mukudzitsekera nokha khomo. Mukalowa mu ofesi ya bungwe ngati limeneli mupezamo loya mmodzi kapena awiri, ena onsewo ndi anthu ochokera ku utolankhani, ku chipatala, ku social work, ku zachuma, ena ndi abusa kumene. Ndi zoona kuti mayi Vera Chirwa, amene anayambitsa Malawi CARER atatuluka kundende mu 1993, ndi loya, koma malemu mayi Emmie Chanika amene anatsogolera Civil Liberties Committee zaka zambirimbiri anali namwino. Ndiye nkhani si pepala lomwe muli nalo lokha ayi, nkhani ndi yakuti pepalalo mwaliphatikiza ndi chiyani.

Choyamba, dziwani mipando imene ili mkatimo

Musanalembe kalata iliyonse dziwani kaye kuti ntchito zake zimagawidwa bwanji. Pali a zamilandu, awa ndi maloya komanso ma paralegal (anthu ophunzitsidwa zamalamulo koma osakhala maloya), amene amayendera ndende ndi maselo a polisi. Pali a kafukufuku ndi ndondomeko za boma, amene amakhala ndi bilu kapena bajeti nkuisanthula mpaka kupeza pamene pali chinyengo kapena pamene osauka aiwalidwa, ku MEJN, bungwe lounika za chuma cha dziko, mwachitsanzo ntchito yaikulu ndi imeneyi ndipo kumeneko wa economics ndiye mfumu. Pali oyendetsa mapulojekiti kumadera, pali a M&E owerengera ngati zomwe munalonjeza opereka thandizo zachitikadi, pali ofalitsa nkhani, kenako a finance amene anthu amawaderera koma bungwe limene mabuku ake a ndalama ndi osalongosoka silikhalitsa, thandizo limangouma.

Kuti mumvetse kuti anthuwa amadalirana bwanji taonani mlandu wa mkaidi wina dzina lake Kafantayeni. Mu 2007 khothi lalikulu linagamula kuti lamulo lokakamiza woweruza kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Chigamulo chinatuluka, koma kuti akaidi amene anali atagamulidwa kale kuti aphedwe milandu yawo imvedwenso panadutsa zaka, ntchito yeniyeni inadzayamba mu 2015, ndipo amene anavutika kwambiri sanali maloya okha. Ma paralegal a bungwe la PASI (Paralegal Advisory Service Institute) ndi amene anayenda m'midzi kukacheza ndi mafumu ndi achibale, kufufuza kuti munthuyu anakula bwanji, anali ndi vuto la misala kapena ayi, kwawo angamulandire atatuluka? Akatswiri a matenda a muubongo anayeza akaidi, ena anasakasaka mafayilo otayika kukhothi. Ambiri mwa akaidi aja anatuluka. Loya anayankhula kukhothi inde, koma zomwe amayankhulazo anazitola ndi munthu wodziwa kukhala pamphasa ndi agogo nkuwafunsa mwaulemu.

Chachiwiri, sankhani nkhani imodzi ndipo muidziwe mpaka kumizu

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. CV imati "ndimakonda ufulu wachibadwidwe", basi. Ufulu wake uti? Wa akaidi, wa ana, wa amayi, wa anthu achialubino, wa malo, wa atolankhani, kapena nkhani ya momwe ndalama za boma zikuyendera? Mabungwenso anagawana chonchi. CHREAA ku Blantyre imadziwika ndi za ndende ndi anthu omangidwa, WLSA ndi za amayi ndi malamulo, CSEC ndi za maphunziro, MISA Malawi ndi za atolankhani, Youth and Society ku Mzuzu ndi za achinyamata ndi ulamuliro wabwino, CCJP ili pansi pa mpingo wa Katolika ndipo imafika m'ma parishi kumene ena safika. Sankhani nkhani yogwirizana ndi kumene mukuchokera. Ngati ndinu mphunzitsi wa pulayimale amene mwaona atsikana a Sitandade 7 akusowa mkalasi nkumva kuti akwatiwa, muli ndi chinthu chimene wa digiri ya ku Zomba wongotuluka kumene alibe, musachitaye pofuna kuoneka ngati wodziwa zonse.

Chachitatu, werengani malamulo enieniwo osati zomva pa wailesi

Yambani ndi Chaputala 4 cha malamulo oyendetsera dziko a 1994, ndi mmene muli ufulu wonse, ndipo si chachitali, masana amodzi mwamaliza. Gawo 42 mulidziwe ngati dzina lanu, ndi limene limanena kuti munthu womangidwa akaonekere kukhothi pasanadutse maola 48. Kenako tengani malamulo a nkhani yomwe mwasankha ija. Wa za amayi ndi ana akuyenera kudziwa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010, Gender Equality Act ya 2013, la maukwati la 2015, komanso kuti mu 2017 nyumba ya malamulo inasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense wosakwana zaka 18. Wa za ulamuliro adziwe Access to Information Act, yopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma, imene inayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020 itakhala nthawi yaitali ikungogona pashelufu. Zambiri mwa izi zili pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII ulere, ndalama yake ndi ya bandulo basi.

Muwerengenso zigamulo ziwiri zitatu. Ine ndimakonda kuuza anthu kuti ayambe ndi mlandu wa Gwanda wa mu January 2017 chifukwa ndi wosavuta kumva, wogulitsa malonda mumsewu anamangidwa akupita kokagulitsa mbandakucha, akuti ndi vakabu, mpaka khothi linathetsa gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango, limene anamumangira nalo. Mukauwerenga muona kuti mlandu wa munthu mmodzi wosauka ukhoza kusintha lamulo la dziko lonse ngati pali anthu amene anasonkhanitsa umboni mwadongosolo, ndipo mu intavyu mukautchula molondola anthu a pa panelo amadzutsa mitu.

Chachinayi, pezani pogwira ntchito ngakhale palibe malipiro

Ichi ndiye chowawa koma palibe njira yachidule. Malonda a ntchito pafupifupi onse amafuna zaka ziwiri kapena zitatu zogwirapo ntchito, ndiye munthu umafunsa kuti nanga ndikazitenga kuti zakazo ngati simukundilemba? Muzitenga pafupi ndi kwanu. Lowani mu CBO (bungwe laling'ono la anthu a kumudzi) ya m'dera lanu, komiti yoteteza ana, gulu la achinyamata la pa boma, CCJP ya pa parishi, kapena pemphani ku ofesi ya social welfare kuti muzithandiza masiku awiri pa sabata. Muzikakhala nawo pa misonkhano ya VDC ndi ADC, makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera, mukaone momwe nkhani imayendera kuchoka kwa amfumu kupita ku victim support unit ya polisi mpaka kwa majisitireti. Amene ali ku koleji afunse za attachment msanga chaka chisanathe, osati kudikira tsiku lotsekera.

Koma chinsinsi chake ndi ichi, lembani chilichonse chomwe mwachita. Kope limodzi lokha, tsiku, malo, munachita chiyani, panabwera anthu angati, nkhani inathera pati. Pakutha pa chaka simudzanena kuti "ndinali volontiya", mudzanena kuti ndinatsatira nkhani zakutizakuti, ndinalemba malipoti angapo, ndinaphunzitsa makomiti a m'midzi yakutiyakuti. Ndipo pochoka pemphani kalata yosainidwa ndi kudindidwa, anthu amasamuka, mawa mudzapeza amene amakudziwani uja anapita ku Joni.

Ndinene pang'ono za alawansi. Ndaonapo achinyamata abwinobwino atasanduka oyendayenda m'ma wekishopu, lero ali ku Mponela mawa ku Liwonde, masetifiketi a kupezekapo chabe ali thumba lonse koma uwafunse kuti alembe tsamba limodzi la zomwe anaphunzira, zii. Olemba ntchito amawadziwa anthu otere, dziko lathuli ndi laling'ono ndipo ma NGO onsewa amadyera mbale imodzi, mbiri imayenda msanga kuposa CV.

Chachisanu, khalani ndi luso logwirika

Kulankhula tonse timatha. Chimene chimasowa ndi munthu wotha kulemba lipoti lomveka la masamba awiri, kapena kutenga bilu ya masamba 60 nkuifotokoza mwachidule moti phungu wotanganidwa awerenge ali mugalimoto. Dziyeseni nokha, nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku nyumba ya malamulo, poti chaka cha boma tsopano chimayamba pa 1 April, tengani gawo la unduna umodzi, yerekezani ndi chaka chatha, lembani zomwe mwaona. Mukhoza kutumiza ku nyuzi ngati maganizo anu, ikatuluka imeneyo ndi umboni woposa setifiketi iliyonse.

Phunzirani Excel bwinobwino, osati kungotsegula nkutseka. Pulogalamu ya KoboToolbox ndi yaulere ndipo mabungwe ambiri amatolera nayo uthenga pa foni, mukhoza kudziphunzitsa sabata imodzi. Amene akufuna za kafukufuku awonjezere SPSS kapena Stata, mapulogalamu osanthulira manambala. A finance, mapepala a zowerengera ndalama a ICAM kapena ACCA amalemera, komanso muphunzire momwe malipoti a ndalama za opereka thandizo amalembedwera chifukwa aliyense ali ndi fomu yake. Ndipo musaderere zilankhulo, munthu wotha Chichewa, Chiyao ndi Chingerezi, kapena Chitumbuka, Chisena, Chilhomwe, kapena chinenero chamanja, ali ndi mwayi umene sauona. Kumasulira mawu a lamulo kuti gogo wa ku Nsanje amve bwinobwino ndi ntchito imene maloya ambiri imawakanika.

Chachisanu ndi chimodzi, CV ndi intavyu

CV isapitirire masamba awiri kapena atatu. Pamwamba ikani nkhani yanu ija ndi zomwe mwachita pa nkhaniyo, za sukulu zibwere pambuyo. Kalata iliyonse ilembedwe payokha, ndaonapo kalata yopita ku bungwe lina koma mkati mwatchulidwa dzina la bungwe linanso, munthu anangokopera osawerenga, imeneyo imathera mu bini. Fufuzani kaye bungwelo, linayamba liti, likuchita chiyani panopa, ndipo muonetsetse kuti ndi lolembetsedwa ku NGORA, nthambi ya boma yoyang'anira ma NGO, imene kale inkatchedwa NGO Board. Wina akakuuzani kuti tumizani kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe, ameneyo ndi tsizinamtole, bungwe lenileni sililipiritsa munthu wofunsira ntchito.

Mudziwenso kusiyanitsa, Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman ndi Legal Aid Bureau si ma NGO, ndi nthambi zokhazikitsidwa ndi malamulo a dziko, mukasokoneza zimenezi pa intavyu mwadzigwetsa nokha. Yembekezerani funso ngati ili, mayi wabwera mu ofesi akuti mwamuna wake wamumenya koma sakufuna apolisi adziwe, mutani? A panelo sakufuna kuti mulakatule malamulo, akufuna aone ngati mumadziwa kumvetsera, kusunga chinsinsi, kuonetsetsa kuti mayiyo ndi wotetezeka ndi kumulozera koyenera osamukakamiza. Ndipo konzani Facebook yanu musanafunsire. Ngati mumaponya zithunzi za ana ochitidwa nkhanza nkhope zili poyera, kapena tsiku lililonse muli pa kampeni ya chipani, a panelo amaona zimenezo musanalowe nkomwe mchipindamo.

Chomaliza, sukulu yowonjezera ibwere mutagwirako ntchito

Ambiri amathamangira masters asanadziwe kuti akufuna chiyani. Dikirani kaye. Mukagwira zaka ziwiri mudzadziwa nokha chomwe chikukuperewerani, mwina ndi dipuloma ya zamalamulo ku University of Malawi, mwina ndi social work, mwina ndi kosi yaifupi ya M&E basi. Sikolashipu ya Chevening yopita ku Britain imafunanso kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndiye kope lija lidzakuthandizani pamenepo. Kwa amene mtima uli pa ufulu wa anthu mu Africa muno, Centre for Human Rights ya ku University of Pretoria ili ndi masters imene yaphunzitsa anthu ambiri ogwira ntchitoyi m'maiko athu ano.

Koma lowani maso ali otsegula. Ntchito zambiri m'mabungwemu ndi za kontilakiti, chaka chimodzi kapena ziwiri, pulojekiti ikatha nanunso mwatha, ndipo tonse tinaona mu January 2025 boma la America litaimitsa thandizo la USAID momwe anthu anabwererera kunyumba mwadzidzidzi. Ndiye pofunsa za malipiro mufunsenso kuti pulojekitiyi ndalama zake zikuchokera kuti ndipo ikutha liti, penshoni mumadula kapena ayi, nanga za kuchipatala zilipo? Ngati muli kale pa ntchito ya boma, ya uphunzitsi kaya ya unamwino, musathamangire kusiya chifukwa cha kontilakiti ya miyezi 9, yambani mwathandiza kumapeto a sabata ndi pa holide, mudzasiye mutagwira kalata yosainidwa m'manja.