Mafunso a inequality: yesani ½ ndi −2 musanalembe yankho

Ana a Fomu 4 amene ndimawathandiza masamu kuno ku Salima akangoona x, m'mutu mwawo mumabwera 2, 5 kapena 10. Pa mafunso a inequality (aja okhala ndi chizindikiro cha kuposa kapena kuchepera m'malo mwa =), chizolowezi chimenechi chimadya mamalikisi ambiri, chifukwa wolemba funso amabisa msampha mu manambala a negative ndi a pakati pa 0 ndi 1.

Tiyambe ndi absolute value. Timizere tiwiri ta |x| timangofunsa kuti nambala yatalikira bwanji kuchoka pa 0, osalabadira mbali. Anthu awiri akachoka pa Kamuzu Road, wina n'kuyenda makilomita 5 kulowera ku Senga Bay, mnzake makilomita 5 kulowera ku Lilongwe, onse atalikira chimodzimodzi. Choncho |x − 3| < 5 ikunena kuti mtunda wochoka pa 3 usakwane 5. Kumanja mulekezera pa 8, kumanzere pa −2, ndiye yankho ndi −2 < x < 8. Chizindikiro chikatembenuka, |x − 3| > 5, yankho limagawika pawiri: x > 8 kapena x < −2. Chonde musaphatikize n'kulemba 8 < x < −2. Nambala yoposa 8 koma yochepera −2 kulibe.

Ma power ndiye amafuna kudekha. Pa x² > 9 ambiri amalemba x > 3 n'kupita pa funso lina, kuiwala kuti −4 mukamutaimusa ndi −4 mupeza 16. Yankho lonse ndi x > 3 kapena x < −3.

Nanga x² < x? Mwana wina amati n'zosatheka, square singachepe. Yesani ½: square yake ndi ¼, yachepa. Koma musathamangire kugawa mbali zonse ndi x, poti simukudziwa ngati x ndi negative, ndipo kugawa ndi negative kumatembenuza chizindikiro. Sonkhanitsani zonse mbali imodzi: x(x − 1) < 0. Jambulani number line, ikani 0 ndi 1, kenako yesani nambala imodzi m'chigawo chilichonse. −2 apereka 6, wakana. ½ apereka −¼, wavomera. 2 apereka 2, wakana. Yankho: 0 < x < 1. Ine njira imeneyi ndimaikonda kuposa kuloweza malamulo, chifukwa m'chipinda cha mayeso mantha akakugwira malamulo amasokonekera, pomwe kutaimusa sikuthawa.

x akakhala pamwamba ngati power, yang'anani nambala ya pansi. 2ˣ > 8 ndi x > 3 basi. Koma ½ akamataimusidwa mobwereza amanka nachepa: ½, ¼, ⅛. Ndiye ½ wokwezedwa ku power x akaposa ⅛, yankho ndi x < 3.

Pomaliza onetsetsani ngati chizindikiro ndi < kapena ≤. Pa x² ≤ x, 0 ndi 1 alowa nawo m'yankho, ndipo pa number line timadontho tawo mutidetse.